Achimwene a Altezza, galimotoyo musaibise

Achimwene, meseji yanu ija ndinaiona usiku womwe uja koma ndinati ndidikire kaye gulu lathu la magalimotoli lizizire, chifukwa mayankho amabwera othamanga kwambiri, wina akuti gulitsani mawa lomwe, wina akuti akazi ndi choncho basi, wina kungoponya chithunzi cha botolo. Kwa amene simunaione poti yakwiririka ndi zithunzi za ma rimu, mbale wathuyu akuti madamu atenga ana awiri abwerera kwa makolo awo, auza ankhoswe kuti banja sakulifunanso, ndipo pa zifukwa zawo atchulapo galimoto ndi maulendo athu a Loweruka. Ndiye akufunsa ngati angailembetse Altezza ija m'dzina la mnzake nkhani isanafike kukhothi, ngati abwere nafe ku Senga Bay kumapeto kwa mwezi, komanso ngati kuli bwino angotuluka m'gulu muno.

Ine banja langa loyamba linatha, ena a inu mukudziwa, ndiye ndilankhula zomwe ndinadutsamo ndekha.

Ndiyambe ndi yosintha dzina pa bulubuku, pepala la umwini wa galimoto lija, chifukwa ndi imene ingakupwetekeni msanga. Musatero achimwene, chonde musatero. Kusintha umwini kumalembedwa ku Road Traffic ndi tsiku lake lomwe, ndiye tangoganizani muli kutsogolo kwa majisitireti, madamu akunena kuti panali galimoto, inu mukuti munagulitsa, pepala likuonetsa kuti munasintha dzina patangopita masabata awiri iwo atachoka pakhomo, komanso tawuni yonse ikukuonani mukuyendabe pa galimoto yomweyo. Kuyambira pamenepo chilichonse chomwe munganene, kaya za malipiro anu, kaya za ana, khothi lizichimva ndi khutu lina. Lamulo la maukwati la 2015 lija, Marriage, Divorce and Family Relations Act, limati banja likatha katundu agawidwe mwachilungamo, ndipo khothi siliyang'ana yekhayo amene anatulutsa ndalama m'thumba, limawerengeranso ntchito za pakhomo. Kuphika, kuchapa, kulera ana aja pomwe inu muli kugalaja mpaka mdima, zonsezo lamulo limaziona ngati gawo lomwe munthu anaikapo. Ngakhale malamulo aakulu a dziko, gawo 24, amanena kuti mayi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu wa awiri ukwati ukatha. Ndiye mawu oti "ndinagula ndekha ndi ndalama zanga" paokha sakupulumutsani.

Ndipo palinso mbali ina yomwe anthu saiganizira akakhala ndi mkwiyo. Galimoto ikalembedwa m'dzina la mnzanu ndi yake, basi. Akakongola kwa akatapila n'kupereka bulubuku ngati chikole mulibe ponena. Akamwalira mwadzidzidzi abale ake adzaiwerengera pa chuma cha masiye, inu muzidzafotokoza chani pamaliro. Ine ndinaona ndi maso angawa munthu wina yemwe tinkayenda naye kale akupempha makiyi a galimoto yake yomwe kwa mnzake ngati akubwereka, ndipo ubale wawo unathera pomwepo.

Tsono tiyeni tiuzane zoona za Altezza imeneyi. Toyota anasiya kupanga galimoto zimenezi mu 2005, kutanthauza kuti ngakhale yaing'ono kwambiri yakula ndithu. Inde yanu ndi ya mtundu wa RS200 ya injini ya 3S-GE ija, ya giya zapamanja, tonse timaikonda ikamalira, koma pamsika wamba anthu akufuna Sienta, Vitz, Probox, zosamwa mafuta komanso zoti sipeya ukaipeza pakona. Ndalama zomwe munalowetsa pa ekizozi, ma shoko ndi ma rimu sizibwerera pogulitsa, wogula amangoona chaka ndi makilomita. Ndiye mufuna kudetsa dzina lanu kukhothi chifukwa cha chinthu chomwe mtengo wake weniweni mwina sukufika ngakhale pomwe mukuganizira. Chomwe ndikanachita ine ndi ichi, pezani munthu wodziwa mitengo ya magalimoto aiyese mtengo alembe papepala, pepalalo mukaliike poyera pa zokambirana, munene kuti galimotoyi ndikuifuna, mbali ya mayi a ana ndipereka ndalama pang'onopang'ono kapena atenge katundu wina wofanana mtengo. Anthu ambiri amagwirizana choncho ndipo galimoto imatsala m'manja mwawo mosabisala.

Koma chomwe chandikhudza kwambiri mu meseji yanu ndi pomwe mwalemba kuti "akuti galimoto, galimoto yalakwa chani". Inenso ndinkayankha choncho. Galimoto ilibe mlandu, zoona, koma mvetserani bwino zomwe munthu akunena akamati galimoto. Wanga wakale sankadana ndi chitsulo ayi. Tsiku lina akuchapa buluku langa anapeza lisiti m'thumba, ya ma shoko anayi, mwezi womwewo ine nditamuuza kuti fizi ya mwana tipempha ahedi atidikire. Sanakalipe. Anangoitambasula lisiti ija, yonyowa choncho, n'kuiyanika patebulo pafupi ndi mbale yanga ya nsima, iye n'kukagona. Ine nsimayo ndinadya, lisiti ndinaitaya, m'mawa ndinadzuka ngati palibe chachitika, ndipo ndimati nkhani yatha poti sanalankhule. Kumeneko ndi komwe banja langa linayambira kutha, kukhothi tinangokamalizitsa.

Ndiye dzifunseni nokha, musatiyankhe ife, kuti pa zaka zimenezi ndi kangati munatchula mtengo weniweni wa sipeya kunyumba. Tonse muno timadziwa kamchitidwe kaja kodula mtengo pakati tikamauza madamu. Chichokereni kugwa kwa kwacha kwa 44 peresenti mu Novembala 2023 chilichonse choitanitsa kunja chinakwera, thumba la ufa ndi lendi nazonso zinakwera, koma ife maulendo sitinachepetse, tinkagona pamzere wa mafuta kuti Loweruka tipezeke kunyanja pomwe kunyumba magetsi atha mayunitsi. Munthu amene akuona zimenezi tsiku ndi tsiku akanena kuti galimoto, akunena za ndalama zobisidwa ndi masiku omwe munasowa pakhomo. Ndipo n'chifukwa chake ndikukanitsitsa za bulubuku zija, kubisa komweko ndi kumene kwakufikitsani apa, simungakuchize ndi kubisa kwina.

Za ankhoswe. Pitani, ndipo mupite msanga musadikire kuitanidwa kachitatu. Simunanene ngati ukwati wanu unali wa chinkhoswe, wa kutchalitchi kapena wa kwa DC, izi zimasintha khothi lomwe nkhani ingapite, koma mulimonsemo ankhoswe ndi omwe akudziwa chiyambi chanu ndipo kukhothi nkhani za chinkhoswe amafunsa ngati munadutsa kwa iwo. Mukapita musapite ndi mndandanda wa zolakwa za madamu. Khalani pansi mumve mpaka amalize, ngakhale zina zikupsetseni mtima, kenako muvomere zomwe zili zoona. Sindikukulonjezani kuti abwerera, mwina mtima wawo unachoka kalekale inu musakudziwa, koma kaya mubwererana kaya musiyana, anthu awiri amene ali ndi ana sasiyana kwenikweni, mudzakumanabe ku sukulu, kuchipatala, pa chinkhoswe cha ana omwewo. Momwe mulankhulire mwezi uno ndi momwe mudzakhalire zaka zonsezo. Ndipo ngati kwawo kwa madamu ndi kwa chikamwini dziwiranitu kuti nkhani yomangira mkazi nyumba kumudzi kwawo imatuluka banja likamatha, makhothi amailamula ndithu, ndiye isadzakudzidzimutseni. Ngati loya wolipira simungamukwanitse pitani ku Legal Aid Bureau, ali ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu, akakufotokozereni bwino kuposa ife a m'gulu la magalimoto.

Ndalama ya ana yambani kutumiza lero, osadikira kuti khothi likuuzeni. Lamulo losamalira ana la 2010 limati udindo ndi wa makolo onse awiri kaya ali limodzi kaya anasiyana. Tumizani pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pazikhala umboni, fizi mukalipire nokha ku sukulu musunge lisiti, ndipo musamaidule ndalamayo tsiku lomwe mwakangana ndi mayi awo, amene amagona ndi njala si amene mwakangana nayeyo.

Tsopano za Senga Bay. Ulendo uno musabwere achimwene. Ndikunena ine amene ndikusonkhanitsa ndalama za nyama, ndipo ndikanakonda Altezza ija ikhale kutsogolo potsetsereka ku Mvera kuja, koma ayi. Choyamba zithunzi zimayenda, madzulo omwewo wina aika pa Facebook kapena pa sitetasi, inu mutanyamula botolo m'mbali mwa nyanja, mawa lake mukakhale pamaso pa ankhoswe kunena kuti mtima ukukuwawani, ndani akukhulupirireni. Chachiwiri ndimakudziwani kuyendetsa kwanu mukakhala bwinobwino, koma munthu wosagona masiku angapo, mutu uli ku ana, kuonjezerapo awiri atatu ozizira kenako msewu wa ku Salima wa M14 usiku ndi makhotakhota aja, akabaza opanda nyali ndi mathiraki, ayi ine ndikuopa. Sindikufuna tidzasonkhe za bokosi m'gulu lomwe lino.

Loweruka limenelo pemphani kudzera kwa ankhoswe kuti mukaone ana. Ndikuuzeni chinthu chomwe chimandiwawa mpaka lero. Titasiyana tinagwirizana kuti mwana wanga wamkazi ndizimutenga Loweruka lililonse lachiwiri. Tsiku lina linagundana ndi ulendo wa ku Mangochi, ine ndinati ndimuimbira ndimuuze kuti sabata yamawa, kenako ndinaiwala kuimba. Agogo ake anadzandiuza pambuyo pake kuti mwana anasamba m'mamawa, anavala diresi yake ya kutchalitchi, kachikwama kumsana, anakhala pakhonde kuyambira 8 koloko, galimoto iliyonse ikamveka kumsewu amaimirira. Nsima ya masana anakana kuti akadya ndi adadi. Anamulowetsa m'nyumba atagona pampando dzuwa litalowa. Anali ndi zaka 7. Pano ndi mtsikana wamkulu, timacheza bwino, koma ndikamuuza kuti ndibwera amafunsabe kuti "motsimikiza?" ndipo liwu limenelo ndinalidzala ndine. Za ku Mangochi tsiku limenelo sindikumbukako ngakhale chimodzi.

Ana anu panopa sakumvetsa za katundu kapena za khothi, akungowerenga kuti adadi abwera kapena sabwera. Mukanena 10 koloko ifike 10 koloko muli pageti. Ndipo mukawatenga musawafunse kuti amayi anu akumacheza ndi ndani, musawatume mauthenga, agulireni chipisi cha pachiwaya muwaonere homuweki basi. Wamwamuna uja ndinamuona tsiku lija ku Dedza akupukuta ma rimu ndi malaya ake, amaikonda galimotoyo, mutengeni muzikatsuka limodzi, mumuonetse poyezera oyilo. Galimoto yomweyo imene ikutchulidwa pa mlandu itha kukhala pomwe inu ndi ana anu muzikumanirana.

Zotuluka m'gulu ndiye ayi, musatuluke. Nyumba ikakhala zii madzulo, palibe wokufunsa kuti mwadya, maganizo amabwera oipa kwambiri, ndipo amuna ambiri timafera m'kati poti tinaphunzitsidwa kuti mwamuna salira. Mutu umodzi susenza denga achimwene. Khalani muno, bwerani pa zokumana za m'tawuni zija za masana zomwe timamwa tiyi n'kumabalalika dzuwa likadalipo. Koma nkhani za madamu musazilembenso pagulu, muno tilimo anthu ambiri ndipo si onse amene mumawadziwa, sikirinishoti imodzi ikhoza kukafika kwa apongozi usiku womwewo. Sankhani anthu awiri omwe mumawakhulupirira muziwaimbira. Ndipo ngati tsiku lina maganizo afika poti mukuona ngati moyo ulibe ntchito, imbani nthawi yomweyo kaya ndi 2 koloko usiku, kapena pitani kuchipatala mukalankhule ndi adokotala, musakhale nokha m'nyumba ndi maganizo amenewo.

Kwa enafe m'gulu muno, ine ndikupempha kuti nthabwala zonyoza mlamu wathu zithe. Ndi mayi a ana a mnzathu, anatiphikirapo tiyi kunyumba kwawo tikudikira kuti batire lichajike, ndipo mbali yawo sitinaimve. Komanso ma adimini tiganizirepo zokhala ndi ulendo umodzi wa masana woti aliyense abwere ndi banja, ku Zomba kuphiri kapena kunyanja komweko koma opanda mowa, tibwerere kusanade. Takhala tikuzinena chaka chonse osachita.

Achimwene, Lachinayi madzulo ndili pakhomo. Bwerani ndi bulubuku ndi malisiti onse omwe mungawapeze, tikhale pansi tilembe katundu yense papepala limodzi, galimoto pamwamba penipeni, kuti popita kwa ankhoswe mupite ndi chinthu chogwirika m'manja. Nsima mudyera konkuno, mayi akunyumba ndawauza kale.