Paipi ili tsidya lina la msewu: yankho kwa bambo wa ku Kapata

Sabata yatha bambo wina wa ku Kapata, komboni ya mumzinda wa Chipata ku Zambia, ananditumizira imelo. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa: "Ndikumanga kashopu m'mphepete mwa msewu. Paipi yaikulu ya madzi ili tsidya lina, ndiye pulambala wanga akuti tingokumba Lamlungu usiku, pofika Lolemba m'mawa tidzakhala takwirira, palibe adzadziwe. Ndikufunanso kuika kalavati polowera, ndipo tipa ikabweretsa mchenga ndi kwale ndilibe pothira pena koma pamsewu pomwepo. Kodi zimenezi zikufunikadi chilolezo? Nanga ndipite kwa yani?"

Bambo, mwachita bwino kulemba musanagwire piki. Inde, chilolezo chikufunika, ndipo pulambala wanuyo musamumvere. Pulani yomangira imene khonsolo inakuvomerezani imathera m'malire a puloti yanu. Mukangodutsa bikoni, chizindikiro cha malire a puloti, ngakhale phazi limodzi, mwalowa m'malo a anthu onse: ngalande, kanjira ka oyenda pansi, ndi msewu weniweniwo. Kuti mumasesapo m'mawa uliwonse sizikupatsani umwini.

Choyamba kudziwa n'chakuti msewuwo amauyang'anira ndani, chifukwa apa m'pamene anthu amatayira masiku pogogoda khomo lolakwika. Lamulo la misewu la 2002, Public Roads Act, ndi limene linakhazikitsa Road Development Agency, RDA. Misewu ikuluikulu ili m'manja mwawo: Great East Road, imene pamapu amailemba T4, yochokera ku Lusaka kudutsa m'tauni mwathu mpaka kumalire a Mwami, komanso M12 yopita ku Lundazi. Timisewu ta m'makomboni ndi m'mayadi, monga ta ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika kapena ku Kalongwezi, nkhani zake zimayambira ku khonsolo ya mzinda wa Chipata, ku ofesi ya mainjiniya. Simunanene dzina la msewu wanu, koma poti mwati ndi wa m'kati mwa Kapata, yambani ku khonsolo. Ukakhala wa RDA, iwo omwewo akuuzani.

Pali chinthu china chimene omanga m'mbali mwa misewu ikuluikulu amachizindikira mochedwa. Msewu si phula lokha. Lamulo limasunga malo otakasuka mbali zonse ziwiri: mamita 100 pa msewu wa T (monga T4), 60 pa wa M (monga M12), 36 pa wa D (wa distiriki). Ndiye kuti pa Great East Road, mamita 50 kuchokera pakati pa msewu kupita mbali iliyonse. Anthu ambiri amene amalira nyumba zawo zitalembedwa chizindikiro chofiira anamanga m'malo amenewa, ena mosadziwa, ena podalira kuti boma lidzaiwala.

Tsopano za paipi. Kulumikiza paipi yanu ku paipi yaikulu si ntchito ya pulambala wapadera ayi. Paipi yaikuluyo ndi ya Eastern Water and Sanitation Company, ndipo kuiboola nokha ndi kuba madzi, ngakhale mutakhala ndi mtima wodzalipira. Pitani mukalembetse, abwere ayeze, akuuzeni mtengo. Pamenepo muwafunse mosapita m'mbali kuti chilolezo chodula msewu akatenga ndani, iwo kapena inu, ndipo adzakonza msewu pambuyo pake ndani. Yankho lake mulilandire lolembedwa. Mwezi ukatha, pamalo pokumbidwapo patatitimira, aliyense amaloza mnzake chala, ndipo amene amaoneka ndi inu chifukwa shopu yanu ili pomwepo.

Ngati msewu ndi wa phula, funsani ngati n'kotheka kuboola pansi osadula pamwamba. Amakumba dzenje mbali iyi ndi lina mbali inayo, n'kukankha paipi yotakata pansi pa msewu, yanu yaing'ono n'kudutsa m'kati mwake. Zimadula ndalama pang'ono kuposa piki, koma magalimoto saimitsidwa, phula silivulala, ndipo tsiku limene paipi yanu idzaphulike mudzangoisolola n'kulowetsa ina.

Kukumba usiku kuja kuli ndi vuto linanso limene pulambala sanakuuzeni. Pansi pa misewu yathu pali zambiri: mapaipi a madzi, nthambo za magetsi za ZESCO m'malo ena, ndi nthambo za intaneti zimene makampani a foni anakwirira m'mbali mwa misewu. Piki ikadula nthambo ya intaneti, bilu yokonzetsa ikhoza kumeza shopu yonse. Ikagunda ya magetsi, nkhani yake ndi ya maliro. Ubwino wina wa chilolezo ndi umenewu, kuti eni zinthuzi amadziwitsidwa n'kukuonetsani pamene padutsa zawo.

Popita ku khonsolo tengani kalata yopempha, mapepala a puloti, pulani yovomerezeka, ndi chojambula chosonyeza pamene mukumbe, kutalika kwake, kuya kwake, masiku amene ntchito itenge ndi mmene anthu azidutsira. Chilichonse mwalipira, tengani lisiti. Wina akakuuzani kuti "ingondipatsani ya drinki, ndikuonerani", dziwani kuti tsiku la ngozi munthu ameneyo sadzakudziwani. Mukalemba kontrakitala, aonetse satifiketi ya National Council for Construction, bungwe lolembetsa makontrakitala.

Ndifike pa zimene zimandipweteka mtima kwambiri, za zizindikiro. Zaka zingapo zapitazo ndinkachokera kumaliro usiku pa njinga, mvula itangokata. Anthu ena anali atakumba ngalande kudutsa msewu, n'kuikapo kanthambi ka mango kamodzi. Mphepo inakachotsa, kapena mbuzi inakadya, kaya. Ndinangomva gudumu lakutsogolo likumira, kenaka ndili chafufumimba m'matope, dzino limodzi palibe. Mpaka lero ndikamamwa madzi ozizira ndimawakumbukira anthu amenewo. Ife tinazolowera kuti nthambi pamsewu zimatanthauza kuti kutsogolo kwafa lole, ndipo masana zimathandizadi. Koma ngalande yogona usiku wonse singalondedwe ndi masamba.

Chipata ndi tauni ya njinga. Amene agwere m'dzenje lanu nthawi zambiri si wa galimoto yokhala ndi nyali zowala. Ndi wa kabaza wopanda nyali atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo, ndi wanjinga yamoto wothamangira kasitomala, ndi mwana wa sukulu wodzuka kusanache, ndi gogo wopita ku Saturday Market ndi dengu pamutu. Mukamakonza zotchinga, ganizirani amenewa.

Chizindikiro chochenjeza chiikidwe patali ndithu, mbali zonse ziwiri, osati pakamwa pa dzenje. Werengani nokha: galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Chikwangwani chimene chili mamita khumi kuchokera pa ngalande, dalaivala amachiona mawilo atalowa kale. Zizindikiro zosakhalitsa za pantchito zimakhala zachikasu, kuti munthu adziwe msanga kuti pali zachilendo. Dzenje lenilenilo lizunguliridwe ndi zinthu zolimba, madiramu kapena matabwa, ndi tepi yofiira ndi yoyera, ndipo pakhale zonyezimira zooneka usiku. Makoni apulasitiki okha sakwanira, ana amawatenga kukasewera mpira. Anyamata anu avale mavesiti onyezimira.

Musadule msewu wonse nthawi imodzi. Kumbani theka, ikani paipi, kwirirani, kenaka theka linalo. Pamene magalimoto akudutsa mbali imodzi, pakhale anthu awiri a mbendera zofiira, mmodzi uku wina uko, oonana, ndipo ntchito yawo ikhale yokhayo. Asakhale yemwe uja akukankhanso wilibala. Oyenda pansi muwaikire kamlatho ka matabwa olimba, apo ayi adzalowa pakati pa magalimoto. Ngati palibe kuchitira mwina koma kutseka msewu wonse, zimenezo sizichitika popanda khonsolo kuvomereza ndi apolisi a trafiki kudziwa, ndipo njira yolambalala iyenera kusonyezedwa. Auzeninso anansi ndi eni mashopu oyandikana nanu tsiku lisanafike. Pa T4, sabata ya mwambo wa Angoni wa Nc'wala kumapeto kwa February musayerekeze n'komwe; magalimoto opita ku Mtenguleni, kumene umachitikira, amadzaza msewu.

Za mchenga ndi kwale sindichulukitsa. Pemphani chilolezo cha masiku owerengeka, tipa ithire kumbali, anyamata alowetse m'puloti tsiku lomwelo. M'ngalande musathiremo kanthu.

Kalavati ndiye musaipeputse. Tauni yathu inazunguliridwa ndi mapiri, ndipo mvula ikagwa madzi amatsika ndi ukali. Munthu amaika kapaipi kakang'ono polowera pake chifukwa n'kotchipa, kamatsekeka ndi mapepala ndi mchenga, madzi n'kukwera pamsewu, n'kukalowa m'nyumba ya mnansi wa kumunsi. Kukula kwa kalavati akuuzeni injiniya wa khonsolo atabwera kudzaona ngalandeyo, osati wogulitsa.

Kukwirira nakonso ndi ntchito, si kungobwezera dothi n'kupondaponda ndi nsapato. Dothi limabwezedwa pang'onopang'ono, masentimita pafupifupi 15 nthawi imodzi, kuwaza madzi, kutsendera ndi makina, kenaka lina pamwamba. Matope ndi zinyalala zisabwerere m'dzenje. Pamwamba pabwerere zimene munapeza, gelevulo ngati unali wa gelevulo, phula ngati unali wa phula. Timizere totitimira timene mumadumphapo m'misewu ya m'tauni, tambiri tinayamba ndi munthu amene anakwirira mothamanga kuti kusamuchere.

Jambulani msewu ndi foni musanakumbe, jambulaninso mutamaliza, ndipo itanani injiniya adzaone musanachotse madiramu. Ngati mungathe kudikira, ntchito yonseyi ichitike pakati pa May ndi October, dothi lili louma. Mundilembere dzina la msewuwo ndi mmene akuyankhirani ku ofesi ya mainjiniya.