Mkodzo ukamatuluka wokha mukatsokomola: yankho kwa mayi wa ana anayi

Pa imelo ndalandira kalata ya mayi wina amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe. Ndaifupikitsa motere: "Ndili ndi ana anayi. Chibadwire womalizayu, ndikatsokomola, ndikaseka kwambiri kapena ndikanyamula ndowa ya madzi, mkodzo umatuluka pang'ono. Kukwaya ndinasiya kuvina. Kukamada ndimamva kulemera kumusi ngati chinthu chikufuna kutuluka. Apongozi anga akuti mayi aliyense wobereka amatero, ndingopirira. Mnzanga akuti ndigule mankhwala oika kumusi. Ndichite chiyani?"

Amayi, zikomo kuti mwalimba mtima n'kulemba. Apongozi anu sananame ponena kuti vutoli lili ndi amayi ambiri. Pomwe sindikugwirizana nawo ndi pa kupirirapo. Vuto lanuli lili ndi chithandizo, ndipo chithandizo choyamba sichilira ndalama.

Pansi pa chiuno, kuchokera pa fupa la pachinena mpaka pa kafupa kakumapeto kwa msana, pali minofu yoyalika ngati mbereko. Minofu imeneyi ndiyo imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo lakumapeto, ndipo njira ya mkodzo, njira yoberekera ndi ya chimbudzi zonse zimadutsa momwemo. Mukatsokomola, mimba imakankhira zonse pansi. Minofuyo ikakhala yolimba imafinya njira ya mkodzo nthawi yomweyo. Ikafooka, madontho amapulumuka. Kulemera kumene mukumva madzulo kukhoza kukhala chizindikiro chakuti chikhodzodzo, chiberekero kapena thumbo latsikira m'njira yoberekera. Kumamveka kwambiri madzulo chifukwa mwakhala muli chilili tsiku lonse, ndipo mukagona kumachepa.

Mimba yokha imatamula minofuyi, ndiye pobereka imatamukanso kwambiri, makamaka matenda akatenga nthawi yaitali, mwana akakhala wamkulu, mayi akang'ambika, kapena mwana akachita kukokedwa ndi chipangizo. Koma kubereka si kokhako. Kudzimbidwa kumene kumachititsa munthu kudzikakamiza kuchimbudzi, chifuwa chosatherapo, kunenepa kwambiri, kusiya kusamba, zonsezi zimawonjezera. Ndipo pali katundu. Ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo mayi amaisenza kangapo patsiku, kenako mtolo wa nkhuni, thumba la chimanga lopita kuchigayo, mwana ali kumbuyo. Zimandipweteka mtima kuona mayi amene wangotuluka chikuta ali kale pamjigo. Abambo amene mukuwerenga nawo, apa ndi pamene thandizo lanu limafunika, osati pogula thewera pokha.

Tisanafike pa zoti muchite, tisiyanitse kaye, chifukwa kudontha kwa mkodzo si kumodzi. Kwanuku, kobwera ndi kutsokomola ndi kunyamula, n'kumene kumamvera kwambiri masewera olimbitsa minofu. Kwina ndi kuja mkodzo umangoti wagwira mwadzidzidzi, munthu n'kulephera kufika kuchimbudzi. Kumeneko amaphunzitsa chikhodzodzo kudikira pang'onopang'ono, nthawi zina ndi mankhwala akuchipatala. Ndiye pali kudontha kosalekeza, usana ndi usiku, ngakhale munthu ali chigonere, kumene kumayamba mayi akavutika nthawi yaitali pobereka. Ameneyo kawirikawiri ndi fistula, bowo pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera. Masewera sangatseke bowo, pamafunika opaleshoni, ndipo ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo othandiza amayi a fistula mwaulere. Mukamudziwa mayi amene amadzibisa m'nyumba chifukwa cha fungo la mkodzo, muuzeni zimenezi.

Masewerawa ambiri amawatchula kuti a Kegel, potengera dzina la dokotala wa ku America, Arnold Kegel, amene analemba za iwo mu 1948. Kuwachita n'kosavuta, chovuta ndi kupeza mnofu woyenera. Gonani chagada, mawondo opinda. Finyani kumbuyo ngati mukuletsa kuphwisa pagulu, kenako kokerani kufinyako kutsogolo ndi m'kati ngati mukugwira mkodzo. Muzimva kumusi kukukwera. Matako, ntchafu ndi mimba zikhale zomasuka, ndipo muzipuma bwinobwino. Mukaona kuti mukugwira mpweya kapena mukukankhira pansi, imani muyambirenso, chifukwa kukankhako ndiko kumene tikuthawa. Gwirani masekondi atatu kapena anayi poyamba, masulani kotheratu kwa nthawi yofanana, mubwereze. Masabata akamapita muzionjezera mpaka masekondi 10, n'kutsatiza timafinyo tachangu tingapo. Mukazolowera chogona, yambani chokhala, kenako choimirira, chifukwa mkodzo umakuthawani muli chilili.

Bungwe la NICE la ku Britain, limene limalemba malangizo a zachipatala, limati munthu afinye kosachepera kasanu n'katatu, katatu patsiku, kwa miyezi itatu kapena kupitirira, ndipo ngati pali kutsika kwa ziwalo, masabata 16. Apa m'pamene ambiri amagwera. Amachita sabata ziwiri, saona kusintha, n'kunena kuti n'zabodza. Mnofu sukula m'sabata ziwiri. Mangirirani masewerawa ku zinthu zimene mumachita kale tsiku lililonse, monga podzuka, pophika nsima ya masana ndi pogona.

Chinthu chimodzi chimene mungayambe lero: musanatsokomole, musanayetsemule, musananyamule ndowa, finyani kaye. Amayi ambiri amaona kudontha kukuchepa ndi chizolowezi chokhachi. Musamayeserere masewerawa podula mkodzo pakati mukamakodza, chifukwa zimasokoneza chikhodzodzo kuti chisamathe mkodzo wonse.

Musachepetse madzi akumwa poopa kudontha. Mkodzo wochepa wofiirira umanyerenyetsa chikhodzodzo, komanso kusowa madzi kumabweretsa kudzimbidwa. Chochepetsa ndi tiyi wambiri, khofi ndi zakumwa za gasi. Idyani masamba, nyemba, zipatso, nsima ya mgaiwa. Chifuwa chikapitirira milungu iwiri kayezetseni. Madzi muziwagawa m'ndowa zing'onozing'ono.

Za mankhwala a mnzanuwo, chonde musaike. Zitsamba, miyala kapena ufa woika kumusi zimangoumitsa ndi kutupitsa khungu la m'kati, munthu n'kumayesa kuti pathina. Minofu imene yafookayo sizifikako n'komwe, koma zikhoza kusiya tizilonda tolowera matenda.

Chifukwa cha kulemera mwanenako, ndikukupemphani kuti musangodalira zimene ndalembazi. Pitani kuchipatala akakuoneni kuti adziwe chimene chatsika ndi mmene chatsikira. Kutsika kukakhala kochepa, masewera amathandiza. Kukakhala kwakukulu, pali kamphete kofewa kotchedwa pessary kamene amaika m'kati kuti kachirikize, ndipo palinso opaleshoni. M'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe muli madokotala a matenda a amayi komanso a physiotherapy (akatswiri othandiza minofu kudzera m'masewera olimbitsa thupi), amene angaone ngati mukufinya moyenera. Izi n'zofunika, chifukwa amayi ena minofu yawo si yofooka koma yomangika kwambiri. Amenewo amamva kuwawa pokhala malo amodzi ndi abambo, ndipo chimene amafunika ndi kuphunzira kumasula, osati kufinya.

Musadikire miyezi itatuyo ngati mukodza magazi, ngati mkodzo ukuwotcha kapena ukukanika kutuluka, ngati chimbudzi nachonso chikutuluka chokha, ngati mukutaya magazi osadziwika bwino, kapena ngati chotsikacho chikuonekera kunja. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi zimafuna kuyezetsa shuga.

Ndikudziwa kuti pamaso pa dokotala lilime limalemera, makamaka akakhala wamwamuna, mwinanso wa msinkhu wa mwana wanu. Mukhoza kupempha kuti namwino wamkazi akhalepo. Mukalowa musazungulire ndi "m'mimba mukundipweteka", chifukwa mudzangobwerako ndi panado. Nenani monga mwandilembera ine: "Ndikatsokomola mkodzo umatuluka, ndipo ndimamva chinthu chikutsika kumusi." Kwa masiku atatu musanapite, lembani papepala nthawi zimene mwakodza, zimene mwamwa ndi chimene munkachita pamene mkodzo unadontha, mukawaonetse pamodzi ndi buku lanu lakuchipatala.