Yambiraninso, koma katemera atsogole

Mayi, pepani ndi zomwe zakuonekerani. Mwafunsa ngati n'kwanzeru kuyambiranso kuweta nkhuku pomwe chitopa chasesa khola lonse, chonsecho fizi ya ana imachokera momwemo. Ine ndikuti yambiraninso.

Bambo athu atamwalira, amayi anatilera ndi nkhuku zachikuda zomwezi, ndipo nawonso chitopa chinkawalanda mpaka pomwe anayamba kutemera. Nthendayi ilibe mankhwala ochiza. Tsabola amene anthu amathira m'madzi uja sangaiimitse. Chothandiza ndi katemera wa I-2: kadontho kamodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndi anapiye omwe, pa miyezi 4 iliyonse. Funsani alangizi a ziweto a kwanuko, ndipo mugwirizane ndi anzanu apamudzi, chifukwa botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri, komanso nkhuku zoyendayenda zimapatsirana matenda mosavuta. Yodwala kale musaitemere, n'kutaya katemera chabe.

Kholalo lichotseni zitosi zonse, likhale lopanda nkhuku kwa mwezi. Zogula pamsika, makamaka m'nyengo yotentha pomwe chitopa chimavuta, muzisunge padera masabata 2 musanaziphatikize ndi zina. Misoti itatu ndi tambala mmodzi n'zokwanira poyambira.