Kulumikiza ma seva a ku Mulanje ndi ku Luchenza pa WireGuard

Achimwene, mwafunsa mmene mungalumikizire ma seva anu awiri a ku Mulanje boma ndi ina ya ku Luchenza kuti akhale Kubernetes imodzi (pulogalamu yoyendetsa ma seva angapo ngati gulu limodzi), koma wina asamawerenge zimene akutumizirana. Njira zobisira zimene makompyuta akutumizirana zilipo zingapo, koma ine ndingati IPsec isiyeni, ndi yotopetsa. Tengani WireGuard. Inalowa mu Linux kernel 5.6 mu 2020, ndiye mwina muli nayo kale. Ngati ndi k3s (Kubernetes yopepuka), poyambitsa ikani --flannel-backend=wireguard-native, za makiyi obisira uthenga ithana nazo yokha. Pa firewall (mlonda wa netiweki) tsegulani mapoti awa: UDP 51820, komanso TCP 6443 yopita ku seva yaikulu.

Povuta ndi ku Luchenzako. Ngati kumeneko mukugwiritsa ntchito intaneti ya pafoni, kawirikawiri sikupatsani IP (adiresi ya pa intaneti) yanuyanu, ndiye ma seva a ku Mulanje sangaipeze seva ya ku Luchenza. A ku Mulanjewo akhale ndi IP yoonekera kunja, ya ku Luchenza ndiyo iziyamba kugogoda. Zikakanika, ikani Tailscale basi, pulogalamu yolumikiza makompyuta pa WireGuard ngakhale alibe IP yoonekera kunja.

Chenjerani ndi MTU, malire a kukula kwa paketi imodzi ya deta yodutsa pa netiweki. WireGuard imawonjezera pa paketi iliyonse mabayiti 60 pa IPv4, 80 pa IPv6, n'chifukwa chake ambiri amatsitsa MTU kufika pa 1420. MTU ikakulitsa, ping (yoyesera ngati seva ikuyankha) imayenda bwinobwino koma tsamba lalikulu limangoti zii, inu n'kumaganiza kuti bando yatha.

Etcd, nkhokwe imene Kubernetes imasungiramo deta yake, musaimwaze mbali ziwiri, imadana ndi netiweki yochedwa. Ikhale ku Mulanje konko, ku Luchenza kukhale worker chabe, seva yongogwira ntchito imene yapatsidwa. Ndipo mugulire rauta ndi ma seva UPS (batire yothandiza magetsi akathima), mukudziwa mmene magetsi amathimira mvula ikayamba kuphiriko.