Dune: Gulu lanu lionere filimu iti Lowerukali?

Achimwene, mwafunsa kuti gulu lanu la ku Chilomoni, lomwe langomaliza kuwerenga Dune, buku la Frank Herbert la mu 1965, lionere filimu iti popeza muli ndi Loweruka limodzi lokha. Onerani ya Denis Villeneuve, zigawo zonse ziwiri, cha 2021 ndi cha 2024. Ya David Lynch ya 1984 muisungire tsiku lina.

Herbert ankachenjeza za kuopsa kotsatira mtsogoleri amene anthu amutenga ngati mpulumutsi. Paul Atreides, mnyamata amene nkhaniyi ikunena za iye, akupambana, koma akudziwiratu kuti m'dzina lake mudzabuka nkhondo yopha anthu osawerengeka. Lynch mfundoyi anaitembenuza. Kumapeto kwa filimu yake mvula ikugwa pa Arrakis, dziko lachipululu kumene nkhaniyi ikuchitikira, ngati kuti Paul ndi mulungu ndithu. M'buku mvulayo mulibe, ndipo singakhale dalitso, chifukwa madzi amapha nyongolotsi zikuluzikulu za mumchenga zimene melange, mankhwala amtengo wapatali omwe onse akulimbirana, amachokerako. Lynch anawonjezanso zida zoombera pogwiritsa ntchito mawu, m'malo mwa luso lomenyana limene Jessica, mayi ake a Paul, anaphunzira kwa a Bene Gesserit, gulu lachinsinsi la amayi. Buku lonse analipanikiza m'mphindi 137, ndiye zaka zimene Paul anakhala pakati pa a Fremen, anthu a m'chipululumo, zimangodutsa chothamanga. Zabwino zilimo, monga Alia, mlongo wake wa Paul, kuoneka ali kamwana kolankhula ngati munthu wamkulu, n'kulasa Baron Harkonnen, mdani wa banja lawo, monga zilili m'buku. Tsiku lodzaionera, mudzapewe yaitali ya pa TV yolembedwa dzina loti Alan Smithee, chifukwa Lynch mwiniwake anaikana.

Nayenso Villeneuve sanatsatire buku ndime ndi ndime, ndipo amene angoliwerenga azindikira msanga. Phwando lija la ku Arrakeen, mzinda waukulu wa pa Arrakis, analichotsa, nkhani yoganizira Jessica kuti ndiye wompereka Leto, bambo ake a Paul, anaisiya, Thufir Hawat, mlangizi wa Leto, m'chigawo chachiwiri saoneka, ndipo mwana woyamba wa Paul ndi Chani, mtsikana wa a Fremen amene amakondana naye, mulibe. Nthawi anaifupikitsa moti filimu ikutha Alia adakali m'mimba, ndipo wopha Baron ndi Paul. Chosintha chachikulu ndi Chani. M'buku amaima ndi Paul mpaka kumapeto, pomwe muno amakayikira ulosi woti Paul ndiye mpulumutsi, n'kuchoka atakwiya. Ine ndikuona kuti apa Villeneuve anakhoza. Mantha amene Herbert anawaika m'maganizo a Paul kamera singawajambule, choncho panafunika munthu woti awanene ndi pakamwa komanso ndi nkhope. Gulu lanu litsutsana kwambiri pamenepa, ndipo nthawi yokambirana muipereke ku funso limeneli.

Ilipo ina ya pa TV ya mu 2000, ya John Harrison, ya zigawo zitatu, momwe William Hurt ndi Leto. Imeneyi ndiyo inatsatira buku kwambiri ndipo phwando lija lilimo, koma chipululu chake chimachita kuonekeratu kuti ndi chojambula m'situdiyo, pomwe Villeneuve anakajambula mchenga weniweni ku Jordan ndi ku Abu Dhabi.

Chigawo choyamba ndi mphindi 155, chachiwiri 166, zonse pamodzi maola 5 ndi mphindi 21. Yambani 11 koloko m'mawa, mupume ola limodzi podya nkhomaliro, mumaliza cha m'ma 5 koloko, a ku Bangwe ndi ku Machinjiri apeze minibasi kusanade. Kukambirana kukakhale pa msonkhano wotsatira, anthu akhala atatopa.

Mafilimuwa ali ndi zochitika zambiri za mumdima, makamaka usiku umene a Harkonnen akuukira Arrakeen. Pulojekita m'chipinda chowala simuona kanthu, ndiye tchingani mawindo ndi mabulangete, makatani opyapyala sakwanira. Mawunso amavuta. Nyimbo za Hans Zimmer zimagunda mwamphamvu pomwe osewera amalankhula chonong'ona, ndipo masipika a laputopu sangakwanitse. Bwerekani sipika yaikulu. Ngati filimu yanu ili ndi mawu a 5.1 (opangidwira masipika asanu ndi imodzi) koma masipika ndi awiri, sankhani stereo mu VLC, pulogalamu yoonetsera kanema, apo ayi mwina mumva nyimbo zokha, zolankhula n'kusowa, chifukwa zimadzera mu sipika ya pakati imene inu mulibe. Yatsaninso mawu olembedwa pansi pa kanema. A Fremen nthawi zina amalankhula chinenero chawo, ndipo Jessica amalankhula ndi Paul pogwiritsa ntchito zala. Pa nkhondo ya Feyd-Rautha, m'bale wake wa Baron, m'bwalo la ku Giedi Prime, kwawo kwa a Harkonnen, mitundu imasowa, kumangooneka zakuda ndi zoyera. Anajambula choncho dala, pulojekita musaigwire.

Mafilimu onse awiri akhale atalowa kale mu laputopu pofika Lachisanu, osadalira intaneti ya tsikulo, ndipo muyese mphindi 10 zoyambirira za chigawo chilichonse m'chipinda chomwecho. Batire ya laputopu singayendetse pulojekita magetsi akazima, choncho pezeranitu inveta kapena jenereta yokhala ndi mafuta a maola 6.