Luso la manja anu lachokera kwa Mulungu

Achimwene, mwafunsa ngati kusema ndi kujambula nkhani za m'Baibulo ndi maitanidwe enieni, popeza akulu ena a mpingo kuno ku Harare akuti mukupanga mafano. Zandikhudza kwambiri, chifukwa nanenso mawu amenewa anandipweteka zaka zingapo.

Tsegulani Eksodo 31. Mulungu anaitana Bezaleli pomutchula dzina, namudzaza ndi mzimu wake kuti azisema mitengo, kugoba miyala ndi kusula golide. Lamulo la pa mutu 20 likuletsa kugwadira chosemacho. Akerubi a pa likasa analamula ndi Mulungu yemweyo.

Muno mu Zimbabwe, ku Serima Mission, bambo John Groeber ankaphunzitsa anyamata kusema, ndipo tchalitchi chakumeneko anachikongoletsa ndi ana asukulu omwewo. Nicholas Mukomberanwa, wosema wotchuka wa muno, anaphunzira komweko. Kwathu ku Mua, bambo Claude Boucher anayambitsa KuNgoni, malo a zosemasema ndi chikhalidwe, mu 1976.

Ine ndimasemera pansi pa mtengo wa mango ku Mufakose, kuno ku Harare. Chaka chatha ndinasema mtanda wa mlombwa, zala zanga mpaka matuza. Agogo ena atauona anayamba kusisita pamalo pa misomali, misozi ili chuchuchu, osanena kanthu. Mpaka lero mtima wanga umagunda ndikakumbukira.

Akulu a mpingo aja musakangane nawo pagulu, mantha awo ali ndi chifukwa. Aitaneni kunyumba, agwire sompho yanu, muwerenge mavesiwo limodzi. Kenako apempheni kuti mukonze gome la mgonero kapena guwa lolalikira.