Msomali walowa m'tayala lopanda chubu: ndimate bwanji?

Funso: Amisiri, ndimayendetsa njinga yamoto kuno ku Ulongue, ndipo masiku ena ndimanyamula matumba a mbatata kuchokera ku Tsangano. Dzulo ndinapeza msomali wa malata utalowa m'tayala lakumbuyo, lomwe ndi lopanda chubu. Silinaphwe, mpweya ukungochepa pang'onopang'ono. Anzanga ena akuti ndilowetsemo kamphira kaja konga nyongolotsi, ena akuti ndingoikamo chubu. Ndimvere ziti?

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kusauzula. Tayala lopanda chubu lili ndi mphira wofewa m'kati womwe umagwira msomali zolimba, choncho msomaliwo ndiye ukutseka bowo lake lomwe. Mukauzula muli kutchire opanda zida, muikankha njingayo mpaka kunyumba.

Musanagule chilichonse, onani pamene walowa. Ngati ndi pakati, pamene tayala limaponda pansi, ndipo bowo lake silikupitirira mamilimita 6, limatheka kumata. Ngati ndi m'mbali, kapena paphewa pamene mapazi a tayala akuthera, iwalani. Pamenepo pamapindika nthawi iliyonse tayala likazungulira, ndipo palibe chigamba chomwe chingapirire. Mwezi watha anandibweretsera lina ataliunjika nyongolotsi zitatu m'mbali, mwini wake n'kumati ndiwonjezere yachinayi. Ndinakana, anachoka akudandaula.

Tinene kuti lanu ndi la pakati. Nyongolotsi zimagulitsidwa pamodzi ndi zitsulo ziwiri: china chokhakhala ngati tupa, china chokhala ndi diso ngati singano. Zulani msomali ndi pulayazi, maso ali pa mmene unalowera. Misomali yambiri imalowa mopendekeka, ndiye chitsulo chokhakhalacho chitsatire njira yomweyo. Mukachikankha molunjika mubowola bowo lachiwiri pambali pa loyamba, ndipo mudzadabwa kuti mwamata koma likutulutsabe. Chilowetseni ndi kuchitulutsa kangapo mpaka chiziyenda mosakakamiza. Kenaka pisani nyongolotsi m'diso mpaka ifike pakati, ipakeni guluu wa matayala, ikankheni mwamphamvu mpaka kunja kutsale ngati sentimita imodzi. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: chitsulocho chikokeni molunjika, kamodzi n'kamodzi, osachipotokola. Dulani chotsalacho ndi lumo, musiye pang'ono pamwamba. Popani, thirani madzi a sopo, dikirani. Thovu likangotukuka, ntchito sinathe.

Ubwino wa njirayi ndi woti tayala silichoka pa rimu, choncho pampu yamanja ikukwanirani.

Koma ine nyongolotsi ndimaiona ngati yokufikitsani kunyumba basi. Munthu amaiika osaona m'kati, pomwe msomali wautali umatha kukanda khoma la tayala cham'kati uku mukuyenda. Inu amene mumasenzetsa njinga matumba m'zitunda za ku Tsangano, yendani pang'onopang'ono, ndipo mukapeza mpata pitani kwa omata matayala alichotse, aliyang'ane, aike chigamba chonga bowa. Chimenechi mwendo wake umadzaza bowo, mutu wake n'kumamatira m'kati. Pobwezera tayala pa rimu pamafunika kompuresa kuti milomo yake ikhale bwino. Mukaona munthu akuthira petulo m'tayala kuti ayatse moto likhazikike, tengani njinga yanu muzipita.

Za chubu zija, n'zotheka mukasowa pogwira. Valavu yakale ichotsedwe, ndipo apapase m'kati monse ndi dzanja kuti musatsale kachitsulo. Dziwani kuti tayala lotere limatentha msanga, komanso tsiku lomwe chubucho chidzabooke mpweya udzathera nthawi imodzi, osati pang'onopang'ono ngati pano.

Funso: Langa limaphwa pakapita masiku awiri, koma msomali sindikuuona. Ndili ku Moatize.

Yankho: Bambo, yambani ndi valavu. Ikani malovu pakamwa pake. Akatukuka, mangitsani kamtima kake kapena gulani kena. Ngati si pamenepo, gonekani gudumu pansi, muthire madzi a sopo mozungulira pamene tayala lakumana ndi rimu. Maenje a mumsewu amapinda mlomo wa rimu, ndipo fumbi kapena dothi likalowa pamenepo mpweya umadutsa. Pakakhala dothi chabe, kuchotsa tayala n'kupukuta bwino kumathetsa vutolo. Rimu yopindika pang'ono ena amaiwongola, koma yong'aluka ndi yosintha.

Kwanuko kukafika Okutobala kutentha kumatha kupitirira madigiri 40, choncho mpweya muziyeza m'mawa tayala lisanayende. Mukayeza masana muona ngati wachuluka, n'kuuphwetsa, m'mawa mwake n'kupeza tayala lili lendelende. Mulingo woyenera njinga yanu nthawi zambiri umalembedwa pakapepala komatidwa pafupi ndi tcheni.